Boma la Chifunde: Nkhalango, Mitsinje ndi Anthu Ake

Kwa makolo ndi aphunzitsi

Phunziro ili lili ndi magawo 8. Mwana wa kalasi 1 sangalimalize tsiku limodzi. Wamkulu awerenge gawo limodzi mokweza, pang'onopang'ono, mwana akumvetsera. Akamaliza, mwana ayankhe mafunso pakamwa. Zaka ndi manambala ndi za akulu. Mwana agwire nkhani yake.

Gawo 1: Cassacatiza ali kuti?

Cassacatiza ndi mudzi wa pa malire.
Mudziwu uli m'boma la Chifunde.
Boma la Chifunde lili m'cigawo ca Tete.
Cigawo ca Tete cili m'dziko la Moçambique.

M'mamawa mwana amaima pabwalo la sukulu. Amaloza dzanja lamanja kumene kumatulukira dzuwa. Uko ndi kummawa. Dzanja lamanzere limaloza kumadzulo. Nkhope yake imayang'ana kumpoto. Msana wake uli kummwera.

Kumpoto kwa Chifunde kuli dziko la Zambia. Kummawa kuli boma la Macanga, ndipo cakumpoto kwake kuli dziko la Malawi. Kummwera kuli boma la Chiúta. Kumadzulo kuli boma la Marávia.

Boma la Chifunde ndi lalikulu. Kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 9,000. Munthu woyenda pansi sangalidutse tsiku limodzi. Pa kalembera wa mu 2007 munapezeka anthu oposa 100,000. Boma ili linagawidwa patatu: Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu. Anthu ambiri amakhala m'midzi, ndipo ndi alimi.

Mafunso
1. Kodi Cassacatiza ali m'boma liti?
2. Ndi dziko liti lili kumpoto kwa Chifunde?
3. Dzuwa limatulukira kuti?

Gawo 2: Msewu ndi malire

Pa Cassacatiza pamadutsa msewu waukulu. Dzina lake ndi N9. Msewuwu umacokera ku mzinda wa Tete, numakwera kumpoto mpaka pa malire. Ukadutsa malire umafika pa Chanida, m'dziko la Zambia. Kucoka pa Chanida umapita ku Katete.

Mumsewu umenewu mumayenda malole akuluakulu. Ena amacokera ku doko la Beira, kunyanja yamcere, atanyamula katundu wa ku Zambia. Ena amatsika kucokera ku Zambia kupita ku Beira. Akafika pa malire amaima. Anchito a boma amaona ziphaso za anthu ndi makalata a katundu. Akaona kuti zonse zili bwino, amatsegula njira.

Pa malire pali mbendera ziwiri. Tsidya lino ndalama ndi metical, tsidya lina ndi kwacha. Tsidya lino m'maofesi amalankhula Cipwitikizi, tsidya lina Cingelezi. Koma m'midzi ya mbali zonse ziwiri anthu amapatsana moni mofanana. Wina amati, "Muli bwanji?" Mnzake amayankha, "Ndili bwino, kaya inu?" Ciyankhulo ndi cimodzi. Ena amati Cinyanja, ena amati Cicewa. Nsima ndi imodzi. Ng'oma ndi imodzi. Mwana wa ku Cassacatiza akhoza kukhala ndi amalume ku Katete ndi azakhali ku Mchinji.

Mafunso
1. Msewu wa N9 umacokera kuti?
2. Malole amaima cifukwa ciyani pa malire?
3. Kodi kwanu kuli abale amene amakhala tsidya lina?

Gawo 3: Mitsinje

Dziko la Chifunde ndi la mapiri, zitunda ndi zigwa. Kumpoto ndi kokwera, ndipo kumazizira. Kummwera ndi kotsika, ndipo kumatentha. Madzi sakwera phiri. Ndiye cifukwa cake mitsinje ya kuno imatsikira kummwera.

Mvula ikagwa, madzi ena amalowa pansi. Ena amasonkhana m'madambo. Dambo limasunga madzi pansi pa udzu, nkumawatulutsa pang'onopang'ono. M'dambo mumabadwa kamtsinje. Timitsinje tikakumana timapanga mtsinje waukulu.

Mitsinje ikuluikulu ya dera lino ndi Luia ndi Capoche. Capoche amayambira ku Zambia. Amadutsa malire popanda ciphaso, nkudzathira mu Luia. Luia amatsika mpaka kukathira mu Zambezi, kumunsi kwa damu la Cahora Bassa. Zambezi amadutsa pa mzinda wa Tete, nkupitirira mpaka kunyanja yamcere.

Tsamba limene lagwera m'kamtsinje ka kumudzi likhoza kuyenda ulendo wonsewo.

Mtsinje umapatsa anthu madzi akumwa, osamba ndi ocapira. Ng'ombe ndi mbuzi zimamwa momwemo. M'mbali mwa dambo anthu amalima madimba a mpiru, tomato, anyezi ndi cimanga cacisiwisi. M'cilimwe timitsinje tina timaphwa. Pamenepo amayi amafukula mcenga kuti apeze madzi.

Mafunso
1. Capoche amathira mumtsinje uti?
2. Dambo limagwira nchito yanji?
3. Mtsinje wa pafupi ndi kwanu dzina lake ndani?

Gawo 4: Nkhalango

Mbali yaikulu ya Chifunde ndi nkhalango. Mtengo woculuka kwambiri ndi mombo, pamodzi ndi abale ake monga mtondo. Nkhalango yotere amati miombo. Mulinso mlombwa, muwanga, msuku ndi muula. Kumalo otsika ndi otentha kumapezeka mlambe ndi bwemba.

Nkhalango imasintha ndi nyengo.

M'dzinja mvula imagwa. Mitengo imabiriwira. Pansi pa miombo pamamera bowa. Bowa ameneyu amakhala pamodzi ndi mizu ya mitengo. Mitengo ikatha, bowa nayenso amatha. Madzulo mvula ikakata, pa culu pamatuluka ngumbi.

M'masika anthu amakolola cimanga, mtedza ndi nyemba. Udzu umakhwima, ndipo anthu amamweta wofolerera nyumba.

M'nyengo yacisanu, mu Juni ndi Julayi, masamba amayamba kuyoyoka. Ana amaotha moto m'mamawa.

M'cilimwe dzuwa limatentha. Koma mvula isanagwe ndi dontho lomwe, mombo umaphuka masamba atsopano. Masambawo amayamba ofiira, kenaka amasanduka obiriwira. Phiri lonse limaoneka ngati lavala nsalu yatsopano. Mvula ikamayandikira, masuku amapsa nkumagwa okha.

Nkhalango ndi nkhokwe ya mudzi. Imapereka nkhuni zophikira, mitengo yomangira nyumba ndi luzi lomangira denga. Imapereka zipatso, bowa, mphalabungu ndi mankhwala. Mlombwa umapereka matabwa a zitseko ndi mipando. Njuci zimatenga cakudya m'maluwa a miombo, nkupanga uci. Kuli kambalame kochedwa nsadzu. Iko kamalira kutsogolo kwa munthu, nkumamutsogolera kumene kuli njuci. Munthu wanzeru akafula uci amakasiyirako pang'ono.

M'nkhalango mumakhala kalulu, gwape, nguluwe, anyani, fisi ndi nkhanga. Kale munali njovu zambiri.

Ndagi!
Gize!
Ndilibe miyendo, koma ndikwera phiri. Ndilibe mano, koma ndimaliza nkhalango.
(Moto)

Mafunso
1. Nenani mitengo itatu ya m'nkhalango.
2. Bowa amamera nyengo iti?
3. Nsadzu imatsogolera munthu kuti?

Gawo 5: Dziko la Undi

Kalekale kunalibe malire pa Cassacatiza. Kunalibe msewu wa tala. Kunali njira za pansi zokha, zodutsa m'nkhalango.

Anthu a kuno ndi ana a Amaravi. Mfumu yaikulu ya Amaravi inali Kalonga, wa mfunda wa Phiri. Kalonga ankakhala pafupi ndi nyanja, m'dziko limene lero ndi Malawi. Zaka mazana angapo zapitazo, m'bale wake wa Kalonga, dzina lake Undi, anacoka ndi anthu ake kulowera kumadzulo. Anadzamanga mudzi wake waukulu ku Mano, m'dera la mtsinje wa Capoche. Kucokera kumeneko ufumu wake unakula. Unafika kumaiko amene lero ali ku Moçambique, ku Zambia ndi ku Malawi.

Anthu a Undi anali alimi. Ankalima mapira ndi mawere. Analinso amisiri. Ankakumba miyala ya citsulo, nkuisungunula m'ng'anjo ndi makala a mitengo yolimba. Ndi citsuloco ankasula makasu, nkhwangwa ndi mivi. Makasu a Amaravi ankagulidwa mpaka ku Tete. Ankalimanso thonje ndi kuomba nsalu zawozawo.

Mafumu aang'ono ankapita kwa Undi ndi mitulo: minyanga ya njovu, zikopa za mkango ndi za kambuku, ndi zakudya. Undi sankadya yekha. Ankagawira mafumu ake malo, nsalu ndi mikanda. Mpaka lero mfumu imeneyi dzina lake ndi Kalonga Gawa Undi. Gawa ndiye wogawa.

Pakati pa Acewa mwana amatsata kwa amayi ake. Amalume ndiwo amayang'anira mbumba. Gule Wamkulu amatuluka pa maliro, pa cinamwali ndi polonga mfumu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Moçambique ndi Zambia ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Mafunso
1. Undi anamanga mudzi wake kuti?
2. Amisiri ankasula ciyani?
3. Dzina loti Gawa litanthauza ciyani?

Gawo 6: Golide, minyanga ndi malire

M'nthaka ya dera lino muli golide. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi a ku Tete anamva za golideyo. Anabwera ndi akapolo awo, nayamba kukumba ku Mano ndi ku Missale. Poyamba ankapempha malo kwa Undi. Pambuyo pake analeka kumumvera. Kunabweranso Acikunda, alenje a mfuti, ofuna minyanga. Njovu zinayamba kucepa. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri anagwidwa ndi kugulitsidwa ukapolo.

Mu 1835 Angoni anaoloka Zambezi kucokera kummwera. Patapita zaka, Angoni a Mpezeni anakhazikika kudera la Chipata, ndipo ankathira nkhondo midzi ya Acewa. Anthu ankathawira m'mapiri ndi m'nkhalango. Ufumu wa Undi unafooka.

Mwana wina anafunsa agogo ake kuti, "Agogo, nanga malire aja anaika ndani?"

Agogo anayankha kuti, "Mdzukulu wanga, malire sanaike ndi makolo ako. Anaika ndi anthu akutali, atakhala pa tebulo, akuyang'ana pepala."

Zinalidi conco. Pa 11 Juni 1891 Apwitikizi ndi Angelezi anasayina pangano ku Lisboa. Anagawana dziko. Mafumu a Acewa sanafunsidwe. Dziko la Undi linaduka patatu. Mbali ina inakhala ya Apwitikizi. Mbali ziwiri zinakhala za Angelezi. Mbali za Angelezizo ndizo lero zili ku Zambia ndi ku Malawi.

M'nthawi ya Apwitikizi anthu ankapereka msonkho. Amuna ankagwidwa kukagwira cibalo, nchito yokakamiza. Ambiri anathawira tsidya lina, kwa abale awo. Mu 1935 Undi nayenso anaoloka malire, nakakhala kudera la Katete. Lero likulu la Kalonga Gawa Undi lili ku Mkaika, m'boma la Katete. Caka ndi caka, kumapeto kwa Ogasiti, Acewa a maiko atatu amakumana kumeneko pa mwambo wa Kulamba. Mafumu a ku Moçambique nawonso amapita ndi magule awo.

Malire a pa Cassacatiza sanakwanitse zaka 150. Mitsinje, nkhalango ndi cibale ca anthu ndi zakale kuposa malirewo.

Mafunso
1. Apwitikizi ankakumba ciyani ku Missale?
2. Dziko la Undi linaduka pangati?
3. Mwambo wa Kulamba umacitikira kuti?

Gawo 7: Nkhondo ziwiri ndi mtendere

Anthu a Moçambique anatopa ndi ulamuliro wa atsamunda. Mu 1964 gulu la FRELIMO linayamba nkhondo yomenyera ufulu. Caka comweco dziko la Zambia linalandira ufulu wake. Mu 1968 asilikali a FRELIMO analowa m'cigawo ca Tete kucokera ku Zambia. Nkhalango za kumpoto zinawabisa. Anthu a m'midzi ankawapatsa ufa ndi kuwaonetsa njira. Pa 25 Juni 1975 dziko la Moçambique linakhala pa ufulu.

Mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo ina, ya pakati pa boma ndi gulu la RENAMO. Inatha zaka 16. Midzi inapsa. Masukulu ndi zipatala zinatsekedwa. Magalimoto ankaopa kuyenda mumsewu. Mabanja ena ankagona kuthengo, nkumadya zipatso, mizu ndi uci. Ena anaoloka malire. Ku Zambia ambiri anakakhala ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke. Ena anathawira ku Malawi. Kumeneko kunabadwa ana amene anali asanaonepo kwawo.

Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasayina pangano la mtendere ku Roma. Mfuti zinakhala cete. Mu 1993 ndi 1994 anthu anabwerera kwawo, atasenza mitolo pamutu. Akulu amati madzi saiwala khwawa.

Atafika anapeza minda yasanduka thengo. Pamene panali mudzi ankapazindikira ndi mitengo ya mango ndi mitengo ya kumanda. Anayambanso kumanga. Nsanamira, phaso, luzi ndi udzu, zonse zinacokera m'nkhalango. Masukulu oyamba ena anali a pansi pa mtengo. M'malo ena munali mabomba okwirira pansi, ndipo ana ankauzidwa kuti asatole cinthu cacilendo. Nchito yocotsa mabombawo inatenga zaka zambiri. Mu 2015 dziko la Moçambique linalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa.

Mafunso
1. Dziko la Moçambique linalandira ufulu tsiku liti?
2. Anthu othawa nkhondo anapita kuti?
3. Atabwerera, mitengo yomangira nyumba anaitenga kuti?

Gawo 8: Nkhalango isowa oisamala

Nkhalango inapatsa amisiri a Undi makala. Inabisa anthu pa nthawi ya Angoni. Inadyetsa mabanja pa nthawi ya nkhondo. Inamanganso midzi mtendere utabwera. Lero nkhalangoyo ikucepa.

Anthu aculuka, ndipo aliyense afuna munda. Alimi ambiri amalima fodya kuti apeze ndalama, ndipo cigafa ciliconse coumitsira fodya cimafuna mitengo. Ena amaocha makala nkumagulitsa m'mbali mwa msewu. Ena amadula mitengo ikuluikulu ya matabwa. Mu 2017 boma linaletsa kutumiza kunja kwa dziko mitengo yosaceka. Okumba golide amasiya maenje, ndipo amadetsa madzi a m'mitsinje. Koma mdani wa caka ndi caka ndi moto. Moto wa mu Okutobala, udzu utauma gwa, umapha timitengo tating'ono. Nthawi zina umayamba ndi ana osaka mbewa.

Mitengo ikatha pa phiri, mvula imamenya nthaka yopanda cofunda. Madzi amathamanga, osalowa pansi. Amakokolola nthaka yabwino, nkuithira mumtsinje. Dambo limauma. Citsime cimaphwa msanga. Amayi amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndi madzi. Bowa, uci ndi masuku zimasowa.

Koma mombo suvuta kudzuka. Ukadulidwa, citsa cake cimaphukira. Mphukira zikapanda kupsa ndi moto, zimakula nkukhalanso mitengo. Kumanda anthu sadula mitengo wamba, ndipo mitengo ya kumeneko ndi yaitali. Izi zisonyeza kuti mudzi ukagwirizana, nkhalango imakhala.

Akulu angathe kucita izi:
Kulambula udzu kuzungulira munda asanayatse moto.
Kusiya mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi ya pamutu pa dambo.
Kusiya mitengo ya zipatso potsegula munda.
Kusunga njuci m'ming'oma ya matabwa, cifukwa kusenda khungwa lonse kumapha mtengo.
Kupangana pamodzi ndi a mfumu za malo odula ndi malo osadula.

Ana angathe kucita izi:
Kusasewera ndi moto kuthengo.
Kutola masuku akugwa, osathyola nthambi.
Kuuza wamkulu akaona moto wolusa.
Kubzala mtengo umodzi ndi kuuthirira.

Mutu umodzi susenza denga. Moto sufunsa ciphaso pa malire, ndipo madzi a Capoche amamwedwa ku Zambia ndi ku Moçambique komwe. Amene asamala nkhalango kumtunda wasamalira m'bale wake wa kumunsi.

Mafunso
1. Nenani zinthu ziwiri zimene zimamaliza nkhalango.
2. Citsa ca mombo cimatani cikapanda kupsa?
3. Mwana akaona moto wolusa acite ciyani?

Mawu ofunika

malire: pamene dziko lina lithera, lina nkuyamba
boma: dera la midzi yambiri lokhala ndi wolamulira wake, pa Cipwitikizi amati distrito
dambo: malo audzu osunga madzi
ng'anjo: mosungunulira citsulo
mtulo: mphatso yopereka kwa mfumu
cibalo: nchito yokakamiza ya nthawi ya atsamunda
mphukira: kamtengo kotuluka pa citsa

Werengani mokweza

mo - mbo, mombo
da - mbo, dambo
mu - dzi, mudzi
ma - dzi, madzi
mo - to, moto
u - ci, uci

Mombo uli pa phiri.
Madzi ali m'dambo.
Moto upha mombo.
Mudzi usamala mombo.

Nchito ya kunyumba

1. Mwana ajambule pansi ndi kamtengo: nyumba yawo, mtsinje, msewu ndi kumene kumatulukira dzuwa.
2. Atole masamba a mitengo itatu. Afunse amayi kapena abambo maina ake ndi nchito zake.
3. Afunse agogo mwaulemu kuti, "Agogo, munabadwira kuti? Nanga pa nthawi ya nkhondo munali kuti?" Mawa adzafotokozere anzake m'kalasi.